Dzina Lanu pa Mkuwa Wotsiriza

Amama,

Kodi kumeneko mukudzukako bwanji? Miyendo ija inaleka kutupa? Ndine Suzgo, mwana wanu woyamba. Ndikulemba ndili pakhonde pano pa Lupembe, pa kampando kanu kachikopa kaja kamene kanakupindani msana, ndipo tsopano kayamba kupinda wanga. Mundikhululukire kuti ndikulemba m'Chichewa cha kusukulu. Chitumbuka chathu pakamwa chimayenda bwinobwino, koma ndikangogwira cholembera chimandithawa. Ndiponso inu simunawerengepo kalata ndi imodzi yomwe, kaya ya chilankhulo chanji, ndiye ndikhulupirira kuti kumeneko simusowa wokuwerengerani. Mumuuze awerenge mofatsa. Muli nkhani ya mkuwa wanu uja, umene munandisiyira kuti ndikhomepo dzina lanu la pamanda. Nkhaniyi ndaibisa zaka zitatu, ndipo lero ndiinena.

Koma ndiyambe ndi zakumudzi, mungati Suzgo walowa m'nyumba osaodira. Mdzukulu wanu Vitumbiko, mwana wanga uja munkati ali ndi miyendo yosadziwa kukhala pansi, anakwatira mtsikana wa ku Uliwa, ndipo nthawi ya mvula yapitayi Mulungu anawapatsa mwana wamkazi. Tinamutcha Tamala, dzina lanu. Chipumi ndi chanu, ukali ndi wanu. Akayamba kulira nkhuku zimachoka pabwalo. Tsiku limene ndinamunyamula koyamba, anzanga ankayang'ana nkhope, ine ndinayang'ana zala. Ndi zazifupi, zonenepa kumapeto, zala zogwira nyundo ngati zanu. Sindinauze munthu aliyense, chifukwa ndikudziwa kuti nyundo sizidzaigwira.

Kumunda zinthu sizinayende. Mvula inachedwa, ndipo itabwera inabwera ndi mkwiyo. Madzi anadzaza dambo lakumunsi lija titangomaliza kuwokera mbande, n'kukokolola theka la mpunga. Tinakolola wongokwanira mbewu ndi wophikira alendo. Chinangwa ndiye chatisunga, monga mwa masiku onse. Thonje ndinalisiya, ndinatopa kulimira mbozi. Ng'ombe yanu yamawangamawanga ija, Chitenje, inabereka mwana wamphongo, kenako inadwala n'kufa pasanathe mwezi. Kamwanako akulera ndi mkazi wanga, mpongozi wanu NyaMhango. Amakamwetsa phala m'botolo, ndipo kamamutsatira mpaka kumjigo. Nthambi ya mtengo wa bwemba inagwera pa khitchini n'kuthyola mapaso awiri. Ndinakonza, koma pakudonthabe. Mtengowo ukubereka kuposa kale, ngati ukutinyoza. Kale zipatso zake zinkathera kutsukira mkuwa, lero NyaMhango amangothira pang'ono m'phala, zina n'kumawolera pansi.

Za ntchito yathu musafunse, Amama, ngakhale ndikudziwa kuti ndi zimene mungayambe kufunsa. Inafa, yangotsala kuikidwa. Akwati masiku ano safunanso bokosi lamalata lokhomedwa maluwa pachivindikiro, amakoka masutikesi a matayala ochokera ku Tanzania. Mathireyi ndi apulasitiki, ojambulidwa maluwa amene sanamerepo m'dziko lililonse. A malipenga, amene ankabwera gulu lonse kudzakhometsa mabaji ndi zomangira malamba, tsopano amagula zonyezimira za pamsika zimene zimasupuka akangovina kawiri. Eni ngolo amalemba mayina awo ndi penti. Chaka chathachi palibe munthu ndi mmodzi yemwe amene anaima pabwalo pano kufuna duwa. Obwera amabwera ndi ndowa zobooka ndi mapoto oduka zigwiriro. Ine mdzukulu wa Msiska wa ku Uraha, amene mbale zake zinkapita kwa mafumu, ndikumata zigamba pansi pa ndowa. Ndimamata bwino, musade nkhawa, sizidontha.

Amayi anzanu a kutchalitchi amandiimitsa panjira. Amati mudzi unazizira, chifukwa kale ankadziwa kuti kwacha akamva nyundo ziwiri pakhonde pano, yanu yofulumira ndi yanga yotsalira m'mbuyo. Mmodzi anandiuza kuti ankapeta mpunga potsatira kugogoda kwanu. Ine ndimangoseka nawo, koma mumtima ndimati, nanga inu amene mumaikonda nyimboyo, bwanji mukuperekera tiyi pa pulasitiki? Sindinena mokweza, ndinayamba kukalamba.

Vitumbiko ndinamuyesa. Amayendetsa njinga yamoto ya kabaza pa Uliwa, ndipo tsiku lina atabwera kudzationa ndinamuikira kanyundo m'manja. Anakatembenuza, n'kukabweza pamphasa mwaulemu ndithu. Anati, "Adada, ine yayi, mundigowokere, mundikhululukire ndithu. Munthu kugogoda sabata yathunthu kuti atulutse ngala ya mpunga yosadyeka? Nyengo yinasintha, adada." Ndinakwiya, ndinamunena kuti ndi waulesi, koma atachoka ndinadziwa kuti mwanayo sananame. Ali ndi khanda lofuna kudya. Diso langa lakumanja nalonso layamba ng'ala, moti ngakhale atabwera mawa kuti ndimuphunzitse, timizere ting'onoting'ono tija sindingamuonetsenso.

Tsopano za mkuwa. Ndibwereza zimene mukuzidziwa kale, kuti wokuwerengeraniyo amve kukula kwa mlandu wanga. Agogo a Msiska, bambo anu, pobwerera kuchokera ku migodi ya ku Zambia, anzawo ananyamula mawailesi ndi majekete, iwo ananyamula chipepala cha mkuwa atachikulunga m'bulangeti. Anachidula patatu. Chigawo chimodzi chinali cha pamanda pawo, china cha agogo aakazi, chachitatu chanu, mwana wawo mmodzi yekha. Analibe mwana wamwamuna, ndiye nyundo anaphunzitsa inu, anthu akuseka kuti Msiska wasokonezeka mutu. Pobwera kuukwati kuno ku Lupembe munanyamula tizitsulo tokhomera tija pansi pa dengu, mapoto pamwamba, kuti apongozi asaone msanga chimene mwana wawo wakwatira. Mkuwawo unkagona pansi pa bedi lanu m'chitenje chakale. Chilimwe chilichonse munkautulutsa, kuutsuka ndi bwemba ndi phulusa, kuuyang'ana kanthawi, n'kuubwezera. Ine ndi mlongo wanga Tiwonge tinkadziwa kuti tikhoza kuswa chilichonse m'nyumbamo n'kukhululukidwa, koma osati kukhudza chitenje chimenecho.

M'chipatala muja, kutatsala masiku awiri kuti mutisiye, munandigwira malaya n'kundikokera pafupi. Munati, "Suzgo, mkuwa wane uli kusi kwa bedi. Ukhome wekha, na woko lako, umo ine nkhakhomera wa adada. Ulembe NyaMsiska. Zina la kunthengwa yayi." Ndinavomera zonse: dzanja langa, monga inunso munakhomera bambo anu, dzina la kwanu osati la kuukwati, ndi mkombero wa ngala za mpunga kuzungulira, chizindikiro cha nyumba ya Msiska. Ndinati musadandaule, ndi ntchito ya sabata imodzi. Ndinayankha ngati mwandituma kukagula mchere.

Inu munandiphunzitsa kuti mmisiri wa mkuwa amagwira ntchito kumsana. Umagoneka mkuwa chafufumimba pa thumba lachikopa lodzaza mchenga, umakhoma kumsana, duwa n'kumatukumuka kumaso kumene iwe sukuona. Maluwa alibe vuto, koma zilembo zimafuna kukhomedwa chobwerera, kuyambira kumanja kupita kumanzere, chilichonse chitatembenuka, kuti ukadzagadamitsa mkuwawo ziwerengeke. Inu amene simunapondepo m'kalasi munali ndi njira yanu. Munthu akakulemberani dzina lake papepala, munkadonthezapo mafuta pang'ono, pepala n'kuyamba kuonekera, kenako munkalitembenuza n'kumatsatira zimene mukuona. Zilembo simunkazidziwa mayina, munazipatsa anuanu. S inali njoka, Y legeni, A kanyumba, M mapiri awiri, I ndodo, N mpanda wakugwa. Munkati kanyumba, mapiri ndi ndodo ndi zoona mtima chifukwa kumaso ndi kumsana n'chimodzimodzi, koma njoka ndi mpanda ndi mfiti, uzikhala nazo maso.

Ine wa Folomu 2 ndinkaona pepala la mafuta ngati chinthu cha osaphunzira. Ndinkatembenuza zilembo m'mutu, ndipo kwa zaka makumi atatu sindinaphonyepo. Munkandiyang'ana cham'mbali n'kunena kuti, "Sukulu yako iyi, zuwa limoza yizamukupusika." Ndinkaseka, ndimvekere sukulu sipusitsa munthu.

Titakuikani, miyezi isanu ndi umodzi sindinathe kukhudza chitenje chija. Pamene ndimalimba mtima kunali kutatentha kale, nthawi imene nyenje zimalira mpaka m'makutu kuwawa. Ndinawotcha mkuwawo pamakala mpaka unafiira, ndinauviika m'madzi, utafewa ndinayamba mkombero. Masiku anayi ndili pa ngala za mpunga. Amama, sindikudzitama, mukanaziona mukanangoti "mm" kuja munkachita mukasowa chodzudzula. Njere iliyonse inatukumuka payokha, ngala zonse zitaweramira mbali imodzi ngati m'munda mukuwomba mwera. Chikhalire sindinakhomepo chinthu chokongola chotero.

Tsiku lachisanu linali la dzina. Ndinadzuka bwinobwino, sindinamwe mowa, sindinadwale, ndilibe chonamizira. Pepala sindinalembe n'komwe. Ndinakhala pa kampando kano n'kuyamba kutchula dzina lanu chapansipansi, misozi n'kumabwera. M'miyezi ya matenda anu ija ndinali nditalemba dzinalo kambirimbiri, pa ndowa, pa fulasiki, pa mbale, pa beseni, kuti zisasokonekere ndi za odwala ena. Dzanja linakumbukira zimenezo. Linayambira kumanzere monga aphunzitsi anandiphunzitsira, ndipo ine ndinkaona dzina likutuluka lowerengeka bwino, n'kumakondwa. Mpanda, legeni, kanyumba, mapiri, mpaka zilembo zonse zisanu ndi zinayi. Mutu sunandikumbutse kuti mmisiri akamatha kuwerenga zimene akukhoma ndiye kuti walakwa.

Dzuwa lili pamutu ndinamaliza, ndinapukuta mchenga, ndinagadamitsa. Dzina lanu linali litayenda chobwerera, njoka ziwiri zija zitayang'ana kolakwika, pakati pa mpunga wokongola uja. Ndinautembenuza mkuwawo, ndinaugadamitsanso, ngati kuti usintha maganizo. NyaMhango anabwera ndi madzi akumwa, anasuzumira, anaika kapu pansi. Anandiitana pa dzina la mwana wathu, anati, "Awiske Vitumbiko, mwachita vichi?" Ndinapita kuseri kwa khola n'kukalira mokweza kuposa mmene ndinalirira pamaliro panu.

Mwina wokuwerengeraniyo akuti, bwanji osangoonetsa kumsanako, poti n'kumene kukuwerengeka? Mumuyankhe ndinu. Kumsana ndi maenje okhaokha ndi zipsera za nyundo, mpunga wonse uli mphako. Kukhomera chimenecho pamanda panu kukanakhala kukuvekani diresi kunja kuli mkati, anthu onse akuona misoko. Ndinayesa kubweza. Ndinawotchanso, ndinayamba kusalaza chilembo choyamba pang'onopang'ono. Mkuwa unapyapyala, ndipo tsiku lachiwiri unang'ambika kabowo kakang'ono. Ndinaleka pomwepo. Mawu anu aja anandipeza: "Mkuwa ukupulika, kweni ukuluwa yayi." Zoona, umamva zimene nyundo yanena, koma suiwala. Ndinaukulunga m'chitenje chomwe chija n'kuubwezera pansi pa bedi.

Ndinayamba kusakasaka mkuwa wina mwakachetechete, ngakhale ndinkadziwa kuti wina sungakhale wa bambo anu. M'masitolo a ku Boma sadziwa n'komwe kuti mkuwa umakhalanso wachipepala. Ndinafika kwa anthu ogula zitsulo zakutha cha ku Uliwa, amene amaunjika mawaya, mapaipi ndi mabatire kudikira malole. Ndikufukula mulu wina ndinatola kachidutswa kopindika, kukula ngati chikhatho. Nditakawongola ndinaona ngala ziwiri za mpunga. Dzanja lanu, Amama. Ndingalizindikire ngakhale ndi diso lang'alali, chifukwa njere yakumapeto munkaikhoma kawiri. Ndinafunsa mwini mulu kuti kachokera kuti. Sanadzuke n'komwe pamene anakhala. Anati, "Mdala, ife timayeza pa sikelo, maluwa sitiona." Kachidutswako anandilola kutenga.

Mawa lake ndinapalasa njinga mpaka ku Uraha. Mitanda iwiri ya agogo ilipo, koma yavulidwa. Pa uliwonse pangotsala timabowo tinayi ta misomali. Ndinaima pamenepo ndikuganiza kuti m'dera lomwelo azungu anachoka kutali kudzafukula chibwano cha munthu amene anafa dziko lisanayambe kutchula mayina, n'kukachisunga ngati dzira, pamene Msiska amene tonse tikumudziwa dzina lake lapita pa sikelo. Sindikudziwa amene anachita. Mwina ndi munthu wa m'mudzi momwemo amene njala inamupana.

Tiwonge akadali namwino ku Mzuzu, ananenepa, ana ake ali bwino. Zaka zonsezi ankandiimbira foni kufunsa za mkuwa, ine n'kumati ndikumalizitsa, kuona maso a nkhono n'kudekha. Chaka chino anati zakwana, chiliza chimangidwe mvula isanagwe, ndipo mwezi watha anabwera. Tinakhala pansi pa mtengo wa bwemba. Anati ndimuonetse. Ndinalowa m'nyumba, ndinaima pakati pa chipinda ndikufunafuna bodza lina, koma mabodza anali atatha. Ndinatulutsa.

Anamasula chitenje yekha. Anasisita mpunga uja ndi chala, ndipo ndinaona kuti wamugwira mtima. Kenako anafika pa dzina. Milomo inayesa kuwerenga, inalephera. Mukumudziwa Tiwonge, akakwiya zenizeni sakweza mawu. Anati, "Adumbu, zaka zitatu. Amama agona opanda dzina ngati mlendo wofera pamsewu, inu muli ndi ichi pansi pa bedi?" Ndinati tikhomere chomwecho, anthu amvetsa. Anati, "Yayi. Anthu adzati ana a NyaMsiska, mmodzi mmisiri, wina namwino, alephera kulemba dzina la mayi wawo. Ndiponso mwandiuza nokha za ku Uraha. Sabata singathe chisanazulidwe." Manyazi anga anasanduka mkwiyo, ndinamufunsa ngati iye anagwirapo nyundo chibadwire. Anati, "Sindinagwirepo, adumbu. N'chifukwa chake sindinawononge kanthu." Anakulunganso mkuwawo bwinobwino n'kundiikira pamiyendo. Madzi akatayika sawoleka. Tinadya limodzi tsiku limenelo, koma mpaka lero sitinayang'anane m'maso.

Anakaitanitsa mwala ku Mzuzu, wakuda, wosalala, wolembedwa ndi makina. Ndinamupempha chinthu chimodzi chokha, kuti alembepo NyaMsiska. Anavomera, koma osemawo anakopera pa chiphaso chanu cha boma. Mwala unafika pa lole utakulungidwa m'makatoni, titatsegula tinapeza dzina la kuukwati, Tamala Gondwe, mawu a Chingerezi pansi pake, ndi duwa la kwa azungu pakona. Zilembo zake n'zowongoka, palibe chobwerera ndi chimodzi chomwe. Tiwonge analira, anati aubweze, koma nthawi inali itatha ndipo achibale anali atauzidwa kale tsiku. Ine ndinalibe pakamwa podandaulira. Adada anga amene muli nawo kumeneko muwauze asakhumudwe, dzina lawo si loipa, ndi langa lomwe. Koma si limene munapempha. Ana anu awiri takulakwirani, wina ndi nyundo, wina ndi makina.

Chiliza tinamanga Loweruka lapitali. M'mawa mwake ndinatulutsa mkuwa uja, sindikudziwa chifukwa chake, ndinatenga bwemba ndi phulusa n'kuyamba kuutsuka. Utawala ndinakumbukira chinthu chimene ndinali nditachiiwala kalekale. Tsiku lina ndinakuperekezani kumsika wa thonje, ndipo kalaliki wina wa ku Lilongwe anakukankhirani inki kuti mudinde chala. Munakana. Munati dzina lanu mumalidziwa. Munagwira cholembera ngati chokhomera, munayambira kumanja kwa mzere, n'kulemba NyaMsiska yense chobwerera, chilembo ndi chilembo, osaphonya. Kalaliki anaseka mpaka anaitana anzake. Inu munamulanda pepalalo, munalitembenuza, munalilozetsa kudzuwa, munati awerenge. Anawerenga, kuseka kunatha. Ine tsiku limenelo ndinachita nanu manyazi, ndinakaima kuseri kwa mabelo ngati sindikukudziwani.

Ndinayang'ananso mkuwa uli m'manja mwanga. Dzina lili pamenepo ndi lomwe lija munalemba kumsika wa thonje, ndi momwe inu munkalidziwira. Pa dziko lonse panali munthu mmodzi yekha wotha kuliwerenga osavutika, ndipo munthuyo ali pansi.

Ndinaubisa m'thumba la zida. Womanga anali bambo wina wa ku Ntcheu amene akukhala pa Uliwa. Atasalaza mtumbira n'kuzunguliza njerwa, amayi onse ndi Tiwonge yemwe anapita kumjigo kukatunga madzi osakanizira simenti, abambo ena anakhala pamthunzi akumwa chindongwa, thobwa lakwathu kuno. Ndinamuonetsa womangayo mkuwawo, ndinamuuza chimene ndikufuna. Anauyang'ana nthawi yaitali, anati, "Ntchito imeneyi mukuikwirira, achimwene? Zoona?" Ndinati zoona. Anati, "Ikani. Simenti ilibe pakamwa." Ndinagwada, ndinapalasa dothi pang'ono cha kumutu kwanu, ndinaugoneka chafufumimba, mpunga ndi dzina zitayang'ana kwa inu, kumsana kutayang'ana kwa ife. Kachidutswa ka agogo kaja ndinakaika pambali pake. Ndinakwirira ndi manja. Amayi pobwera ndi madzi anapeza ndikuthandiza kutuntha mchenga, ndipo pofika masana zonse zinali zitaphimbika.

Musaganize kuti ndapeza mtendere, Amama. Munafuna kuti dzina lanu liime pamtunda, odutsa aliwerenge, aone mpunga wa Msiska, adziwe kuti apa pagona mkazi amene ankakhoma mkuwa. Zimenezo ndalephera, ndipo sizidzakonzekanso. Mwezi wamawa adzavundukula mwala, abusa adzawerenga dzina la pamenepo, anthu adzati ndi wokongola, adzadya, adzabalalika. Adzukulu akamadzabwera kudzapalira manda adzawerenga zomwezo. Ntchito yabwino koposa imene manja anga anagwirapo ili pansi pa simenti, ndipo odziwa ndife atatu: ine, womanga wa ku Ntcheu, ndi inu ngati mukuona. Tiwonge sindinamuuze. Anandifunsa pokwera basi kuti mkuwa ndiutani, ndinati ndausunga pabwino.

Dzulo ndinapukuta tizitsulo tonse, ndinatipaka mafuta, ndinatimanga pamodzi ndi kanyundo m'chikopa. Palibenso mkuwa woti tikhome, palibe dzanja lotilandira. Ndikudziwa kuti ndikatisiya m'nyumba muno, tsiku lina njala ikadzavuta tidzapita pa sikelo, ndipo wotitengayo sindingamuimbe mlandu. Ndiye ndamuuza NyaMhango, ndamulumbiritsa pamaso pa Mulungu, kuti tsiku langa likadzafika adzandiikire mtolowo m'bokosi, cha kudzanja lamanja. Anati ndisiye kulankhula zamalodza, koma anavomera.

Munandibwereka zida za bambo anu kuti ndidzapatsire wina. Winayo sindinamupeze. Ndikulonjeza kuti ndidzakubwezerani ndekha m'manja, zonse, popanda chosowa ndi chimodzi chomwe. Mukadzandikalipira ndidzangokhala chete.

Ndimakukondani, Amama, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ine mwana wanu wokulakwirani,
Suzgo